Choko Chofiira pa Nambala Wani

M'chipinda chovalira cha timu ya koleji munali bolodi lakuda, ndipo pabolodipo sipankalembedwa dzina la munthu ayi, koma manambala a majezi okhaokha. Lachisanu lililonse masana, mwana wamkazi wa Akochi ankalowa ndi choko cha mitundu iwiri. Anyamata onse ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale anali asanamalize n'komwe maphunziro ake osamalira ovulala. Nambala imene waika choko chobiriwira, mwiniwake ali bwino, mawa asewera. Imene waika chofiira, mwiniwake akakhale pabenchi ngakhale alire mpaka maso atupe. Akochi sankafunsa wosewera kuti m'thupi muli bwanji, poti ankati munthu wampira ndi wabodza chibadwire: mwendo uli lende, iye n'kumalumbira kuti ali bwinobwino. Iwo ankangoima pabolodi, manja ali kumbuyo, n'kuwerenga, basi timu yasankhidwa.

Tsono Dokotalayo anali atanamiza bambo ake masabata atatu otsatizana, ndipo bodza lakelo linali pa nambala wani.

"Tambasula," anatero Dokotala Lolemba madzulo, anyamata ena atapita kosamba.

Mwini nambala wani, goloboyi wa timuyo, anatambasula dzanja lamanja monyinyirika. Ankadziwika ndi dzina loti Ulimbo, chifukwa mpira ukafika m'manja mwake unkamatirira pomwepo. Koma tsiku limeneli dzanja lotchukalo linali lomvetsa chisoni. Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono panali patatupa, khungu likuchita kunyezimira. Dokotala anadina ndi chala m'munsi mwa chala chachikulu, mnyamata uja n'kukukuta mano.

"Sizikupweteka," anatero Ulimbo.

"Nanga thukuta lili pamphunoli ndi la chiyani? Muno mukuzizira."

"Ndi la chikondi."

"Usandiseketse, ndilibe mano oseka lero. Masabata atatu, iwe! Unati ndi kubinya chabe, ndinakumvera. Unati sabata yamawa zitsika, ndinakumveranso. Taona mmene pakuonekeramu."

"Watsala mpira umodzi wokha, Dokotala wanga. Loweruka likadutsa, dzanjali ulitenge, ukalisunge m'chikwama chako mpaka chaka chamawa."

Dokotala sanaseke. Anayamba kumanga bandeji mmene ankamangira nthawi zonse, kuzunguliza pamfundo, kudutsa pachikhatho, kukoleka chala chachikulu kuti chisagwedere. Mpira wa Loweruka unali womaliza mu ligi ya makoleji, ndipo wopambana ndiye ankatenga chikho. Koleji yawo inali itatha zaka khumi ndi chimodzi osachigwirako. Kuwonjezera apo, anthu a timu ina yaikulu anali atatumiza uthenga kuti abwera kudzaona goloboyi amene aliyense ankamukamba.

* * *

Chaka chinayamba moipa, inu. Mipira itatu yoyambirira timu inagonja yonse, pagolo pali mnyamata wina waulemu kwambiri amene ochemerera anamupatsa dzina loti Sefa, poti chilichonse chinkadutsa. Akochi atatopa anaika Ulimbo, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Mipira khumi ndi iwiri, zigoli zolowa zisanu zokha. Ngakhale aphunzitsi amene sankadziwa kuti bwalo lili mbali iti anayamba kubwera ndi maambulera awo.

Nkhani ya awiriwa inayambira pa chala. Ulimbo ankabwera tsiku ndi tsiku kukachipinda ka mankhwala kuti amumange chala chakumanzere. Dokotala anachimanga masabata awiri athunthu, kenako analephera kupirira.

"Chala ichi chilibe vuto."

"Ndikudziwa," anayankha mnyamatayo, maso ali pansi. "Koma munthu angalowe bwanji muno opanda chifukwa, Akochi ali pakhomo?"

Ndipo zinalidi choncho. Tsiku loyamba lenileni, Akochi anaimika mwana wawo kutsogolo kwa anyamata onse n'kunena kuti, "Uyu ndi dokotala wanu. Si mlamu wa munthu pano. Amene ndidzamuone akumusekerera mopitirira muyezo, adzasewera mpira wa m'maloto." Choncho chikondi chawo chinakulira m'mameseji ndi m'mphindi zisanu zomanga bandeji, ndipo chinakula ndithu, mpaka Dokotala anafika poti akamva phokoso la nsapato za mpira pakhonde ankadziwa kuti izi ndi zake.

Lolemba limenelo, bandeji itatha, Dokotala anachedwa kusiya dzanja lija. Chitseko chinangoti bwanthu, popanda odi.

Anali Wenzulo, mtsikana wotsogolera ochemerera, amene mawu ake ankamveka kuchokera kubwalo mpaka kulaibulale. Koleji yonse inkadziwa kuti anayamba kulondola Ulimbo ali chaka choyamba, ndipo sankabisa. Analowa ndi malalanje awiri osenda kale, n'kuima, maso ali pa manja awiriwo.

"Pepani, ndasokoneza chipatala," anatero. "Koma dzanja limeneli ndi lodwala kapena lokondedwa? Chifukwa kumanga kwake kukutenga nthawi ngati akumanga nyumba."

"Muno mumalowa ovulala," anatero Dokotala, akuponya sizasi m'chikwama.

"Inenso ndine wovulala, mayi. Kungoti bala langa mulibe nalo mankhwala." Anaika malalanje pamwendo pa Ulimbo, n'kumusisita paphewa. "Idya, goloboyi wathu. Loweruka tonse tili m'manja mwako."

Anatuluka akuimba. Ulimbo anayang'ana malalanje, n'kuyang'ana Dokotala, osadziwa kuti adye kapena ataye.

"Idya," anatero Dokotala. "Akusendera kale."

* * *

Lachiwiri m'mawa kunyumba, Akochi anali okondwa modabwitsa. Ankamwa tiyi mwendo umodzi atautambasula pampando wina, monga mwa masiku onse, chifukwa bondo lawo lakumanja silinkapinda bwino.

"Akuluakulu a koleji andiitana dzulo," anatero. "Akuti shelefu yoika chikho aipukuta kale. Ndawauza kuti athokoze mwana wangayu. Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa mpira, chaka chino chokha ndi chimene ndasankha timu mtima uli pansi. Bolodi lako silinama, mwana wanga."

Tiyi anamutsamwa Dokotala. Anakhosomola mpaka misozi, bambo ake n'kumamumenya pamsana akuseka.

Akochi atatuluka, mayi ake anatsala akupukuta kapu imodzimodzi yomwe inali itauma kale.

"Ndi wa nambala chani?" anafunsa.

"Ndani, amayi?"

"Iwe, ndinakubereka ndine. Munthu sasekerera foni chonchija chifukwa cha uthenga wa kusukulu. Ndipo Loweruka ukabwera kubwalo sunena kuti tapambana, umati sanatigoletse. Ndi goloboyi eti?"

Dokotala anawerama. Manyazi anamugwira, komanso penapake anapepukidwa kuti wina wadziwa.

"Ndi munthu wabwino, amayi."

"Onse amakhala abwino. Bambo akowa anali abwino kuposa onse, mpaka lero ndi abwino. Koma tamvera. Tili pachibwenzi, bondo lija linavulala kutatsala sabata kuti asewere mpira wa chikho. Ndinawagwadira ine, ndikulira, kuti asasewere. Anandipsompsona pachipumi n'kukavala nsapato. Chikho anatenga, chithunzi chake ndi icho chili pakhomalo. Ine ndiye ndakhala ndikufunditsa madzi othowa bondo zaka makumi awiri ndi zisanu." Anaika kapu ija pansi mwamphamvu. "M'nyumba muno wampira mmodzi wakwana. Mwamuna wampira amakhala ali ndi mkazi wamkulu kale, ndiwo mpirawo. Iwe ukangolowa ngati wachiwiri, wochapa ndi wothowa."

"Iyeyu si choncho."

"Wamuyesa?"

Dokotala anatenga mabuku ake n'kutuluka, mkate wake uli pambale osaluma.

* * *

Lachitatu Dokotala anamukakamiza Ulimbo. Anamulembera meseji yoti, "Ukapanda kubwera kuchipatala lero, usadzalowenso m'kachipinda kanga." Anakwera mabasi osiyana, n'kukakumana pachipatala china cha kutali ndi koleji, kumene kunalibe wowadziwa.

Atajambula dzanja, dokotala weniweni, mayi wachikulire wa magalasi, anaika chithunzi pa nyale n'kuloza ndi cholembera.

"Kafupa aka kachita mng'alu. Kakang'ono, koma n'kovuta, chifukwa magazi amafikako movutikira. Mwachedwa kale. Tikaika chikhakha lero, miyezi iwiri muchira. Kakalandiranso nkhonya ina, kakhoza kufa, ndiye dzanjali lidzauma pamfundopa moyo wanu wonse. Mumagwira ntchito yanji, achimwene?"

"Ndine wophunzira," anatero Ulimbo msangamsanga. "Chikhakhacho ndidzabwera kudzaikitsa Lolemba."

Mayi aja anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana Dokotala, amene anangoti zyoli.

Kunja, pamalo odikirira basi, mkangano unabuka.

"Wamva ndi makutu ako," anatero Dokotala. "Lachisanu ndikuika chofiira."

"Sungatero."

"Nditero."

"Mphindi nainte zokha! Ndidzagwira ndi lamanzere, ndidzatchinga ndi chifuwa, ndi mutu, ndi chilichonse. Ukudziwa kuti anthu a timu yaikulu sabwera kawiri. Akapeza Sefa pagolo, adzaona chiyani, adzangokwera galimoto n'kumapita. Ndiye amayi anga akubwera, Dokotala. Sanandionepo ndikusewera chibadwire changa. Anditumizira meseji kuti asoketsa diresi ya mtundu wa jezi yathu. Ndikawauze kuti akhale pansi aonerere mwana wawo atakhala pabenchi?"

"Ukawauze kuti mwana wawo adzakhala ndi manja awiri."

"Ngati umandikonda, ika chobiriwira."

Mawu amenewo anamupweteka Dokotala kuposa mbama. "Ndaika katatu! Katatu ndanamiza bambo anga chifukwa cha iwe. Dzulo amandiyamikira pamaso pa amayi kuti bolodi langa silinama, ine tiyi kundikanika kumeza. Chikondi chako chimangodziwa kupempha basi? Iweyo unasiyapo chiyani chifukwa cha ine?"

Basi inafika, kondakitala akuitanira. Mnyamatayo anakwera, n'kukhala kuwindo la mbali inayo. Dokotala anatsala yekha, envelopu ya chithunzi cha fupa ili kukhwapa, ndipo analira osasamala za amayi ogulitsa zipatso amene ankamuyang'ana.

* * *

Lachinayi foni inakhala ikulira, koma zolira zake zinali zosathandiza.

"Wadzuka bwanji?" analemba Ulimbo.

"Ndadzuka. Dzanja?"

"Lili bwino. Waganiza?"

"Ndinaganiza kale."

"Ndiye kuti zathu zatha?"

"Ine sindinanene zimenezo. Ukunena ndiwe."

Panadutsa ola lathunthu. Kenako inabwera ina: "Ena akanandimvetsa."

Ena! Dokotala anaiwerenga kanayi. Sanafunikire kufunsa kuti enawo ndani, chifukwa potuluka m'kalasi anapeza Wenzulo atakhala pamasitepe a laibulale, miyendo atapingasa, akumudikira.

"Adokotala, tabwerani tikambe ngati akazi," anatero Wenzulo, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake anali otsika. "Wandiuza zonse. Usadabwe, munthu akapanikizika amafuna pomwe angapumire. Dzulo madzulo anali pabenchi paja yekhayekha, nkhope itagwa, ine ndinangomufunsa kuti watani."

"Ndiye mwamuthandiza bwanji? Mwalumikiza fupalo ndi nyimbo?"

"Seka. Koma ine mnyamata uja ndamuchemerera zaka zitatu, mvula, dzuwa, ali pabenchi anthu asakumudziwa n'komwe. Iwe wamupeza atawala kale, ndiye ukufuna kumuzimitsa tsiku lake lenileni. Ndi chikondi chimenecho? Ukuopa kuti akapita ku timu yaikulu akakusiya, nena zoona."

"Ndikuopa kuti adzalephera kumanga batani la malaya ake."

"Thupi ndi lake." Wenzulo anaimirira, akukutumula siketi. "Tamva, mawa ukangoika chofiira, Akochi amva kuchokera kwa ine kuti mwana wawo amatani m'kachipinda kaja chitseko chikatsekedwa. Amvanso kuti masabata atatu onsewa bolodi lawo lakhala likuwanamiza. Sankha wekha."

Dokotala anafika kunyumba. Anagwira njakata zenizeni. Akaika chobiriwira, awononga dzanja la munthu amene ankamukonda. Akaika chofiira, munthuyo amutaya, ndipo bambo ake sadzamukhulupiriranso.

* * *

Lachisanu masana analowa m'chipinda chovalira muli zii, majezi atapachikidwa pamisomali kudikira mawa. Anayambira pansi pa bolodi, dala, kukwera m'mwamba. Chobiriwira, chobiriwira, chofiira pa nambala seveni amene anali ndi chotupa pakatumba, chobiriwira. Atafika pa nambala wani anatola choko chofiira n'kulemba mwamphamvu mpaka chinathyoka pakati.

"Walakwitsa choko?"

Anatembenuka. Bambo ake anali pakhomo, manja ali kumbuyo.

"Ayi, bambo. Sindinalakwitse lero. Ndinalakwitsa masabata atatu apitawa." Anatulutsa envelopu ija m'chikwama. "Fupa lachita mng'alu. Ndinadziwa kuti wavulala, ndinakubisirani. Ndipo pali chinanso chimene..."

"Mtsikana wa phokoso uja anabwera kale dzulo," anatero Akochi, akukhala pabenchi pang'onopang'ono. "Akuti amadikira lero, koma pakamwa pake panakana kusunga. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa ndi madzi akumwa. Ankaganiza kuti wandibweretsera nkhani yatsopano."

"Munkadziwa?"

"Mwana wanga, ine ndaponyera agoloboyi mipira iwe usanabadwe. Munthu amene ankagwira mpira wam'mwamba ndi manja awiri wayamba kuumenya ndi chibakera chakumanzere. Zingwe za nsapato akumangitsa mnzake. Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Za chibwenzizo ndiye musanene, goloboyi wanji amene timu ikagoletsa amayang'ana kwa wonyamula chikwama cha mankhwala?"

Dokotala anakhala pansi. "Nanga bwanji simunanene?"

Akochi anayang'ana bolodi. "Ndimadikira kuti unene ndiwe. Ndimo mmene ndinkadziuzira." Anapukusa mutu. "Koma zoona zake, chikhocho inenso ndikuchifuna. Ndinkati bola choko chanena kuti ali bwino, mlandu si wanga. Ndinabisala kumbuyo kwa mwana wanga. Usaganize kuti zikundikomera."

Anatulutsa foni n'kuitana Ulimbo. Mnyamatayo atalowa n'kuona chofiira pa nambala yake, nkhope inasintha, koma pamaso pa Akochi anangovula kapu n'kuima.

Akochi anatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kuliika pabenchi. "Malamulo a koleji amati wosewera wamkulu akhoza kukana mawu a achipatala, n'kusaina kuti akusewera mwa kufuna kwake, chimene chimuchitikire ndi chake. Akuluakulu andikumbutsa lamulo limeneli kawiri sabata ino, chifukwa Sefa akumudziwa. Pepala ndi ilo. Sindikuletsa, sindikukakamiza."

"Zikomo, Akochi."

"Usathokoze msanga. Wanamizitsa mwana wanga katatu, ndipo ine ndinalumbira kuti wampira sadzaponda pakhomo panga. Koma mwanayu lero wachita chinthu chimene ine chinandikanika, ndiye ndikupatsa mwayi umodzi. Ukamvera choko chakechi n'kukhala pansi mawa, uuze akwanu abwere kwathu masana dzuwa likuswa mtengo, adzalowere khomo lakutsogolo, ndidzawalandira. Ukasaina, golo ndi lako, koma mwana wangayu umuiwale. Osati meseji, osati moni. Wamva?"

"Ndamva."

"Uyankhe mawa. Ndipo iwe," anatembenukira kwa Dokotala, "usamuimbire. Ndikufuna yankho lake, osati lako."

Ulimbo anatola pepala ndi dzanja lamanzere, n'kulipinda pogwiritsa ntchito chifuwa. Pakhomo anaima ngati atembenuka. Dokotala anadikira kuti amuyang'ane ngakhale kamodzi, koma mnyamatayo anavala kapu yake n'kutuluka.

* * *

Loweruka bwalo linadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Ng'oma zinkamveka mpaka m'kachipinda ka mankhwala, kumene Dokotala ankamanga akakolo a anyamata mmodzimmodzi. Aliyense wolowa, iye maso pakhomo. Ulimbo sanabwere.

Pamenepo mtima wake unayamba kuyembekeza, wosamva uja. Goloboyi sangalowe m'bwalo dzanja lotere lili losamanga, ndipo womanga ndi iyeyo. Ngati sanabwere, ndiye kuti wasankha benchi. Atasuzumira pawindo anaona mayi wina wamfupi atakhala kutsogolo, atavala diresi ya mtundu wa jezi, chikwama atachikumbatira pamiyendo, akumwetulira aliyense wodutsa. Chisoni chinamugwira, koma anadziuza kuti mayi ameneyu adzamumvetsa tsiku lina. Sefa anali pakona akudziwotha, milomo itauma ndi mantha, ndipo Dokotala anamusisita pamsana n'kumuuza kuti alimbe mtima.

Kutatsala mphindi khumi, timu inandanda pakhonde lotulukira kubwalo. Dokotala anatseka chikwama n'kutuluka. Kutsogolo kwa mzerewo kunali jezi ya nambala wani.

Pepala lija linali m'manja mwa Akochi, litasainidwa ndi zilembo zokhotakhota za dzanja lamanzere. Pambali pa Ulimbo panaima Wenzulo, koma nkhope yake sinali ya munthu wopambana. Mtsikanayo ndiye anali atamanga dzanja lija kuseri kwa bwalo, ndipo abale, kumanga kwake! Bandeji anaizunguliza pamfundo pokhapokha, yothina ngati akumanga thumba la makala, chala chachikulu n'kuchisiya lende. Zala zinali zitafufuma, zikuda. Golovesi inakana kulowa.

"Ndinangofuna kuthandiza," anatero Wenzulo ndi mawu aang'ono.

Ulimbo anatambasula dzanjalo kwa Dokotala. Tsopano ndiye anamuyang'ana, maso ali ofiira. "Zala sizikumva kanthu. Chonde."

Apo panalibe zoganiza. Dokotala anatulutsa sizasi n'kudula chimtolo chonsecho, n'kuyamba kutikita zala kuti magazi abwerere. Ulimbo anabuula. Dzanja linali m'manja mwake, lofunda, lotupa, lomwe lija analizolowera.

"Wasaina," anatero Dokotala motsitsa.

"Amayi abwera. Anthu aja abwera. Ndikanatani? Tikatenga chikho, Akochi mtima udzatsika, tidzakambirana. Ndimange, Dokotala wanga. Palibe amene amamanga ngati iwe."

Ndiye kuti ankaganiza kuti atenga zonse ziwiri, golo lero, mtsikana mawa. Dokotala anamva kuwawa kosaneneka, ndipo pamwamba pa kuwawako panabwera ukali. Anadziwanso chinthu china: popanda bandeji yomanga bwino, dzanja limenelo silikanapirira ngakhale mpira woyamba, ndipo Ulimbo sakanalowa. Zonse zinali m'chikwama chake.

Woyimbira mpira anasuzumira pakhonde, akuloza wotchi. Anyamata onse maso anali pa Dokotala. Iye anatembenukira kwa bambo ake, poti anadziwa kuti iwo okha ndiwo angamuchotse pamoto umenewu. Anali atanena okha dzulo kuti mwana wawo wachita bwino.

Akochi sanamuyang'ane m'maso. Ankayang'ana kubwalo, kumene chikho chinali pa tebulo, atachimangirira maliboni.

"Mmange, mwana wanga," anatero. "Wasaina yekha."

"Bambo?"

"Nthawi yatha. Mmange."

Dokotala anasiya dzanja lija pang'onopang'ono. Anabweza sizasi, n'kutseka zipi ya chikwama mpaka kumapeto, n'kuchikoleka paphewa.

"Ine ndinalemba kale dzulo," anatero, ndi mawu omveka kwa onse. "Amene akufuna kuthyola dzanja limeneli athyole yekha."

Anayamba kuyenda kubwerera m'khonde, misozi ikutsika, akudikira kuti wina amuitane, kaya bambo ake, kaya Ulimbo. Palibe anamuitana. Chimene anamva kumbuyo kwake ndi phokoso limene ankalidziwa kuposa wina aliyense, la bandeji yomata ikumatulidwa, kweee.

Anacheuka. Akochi anali atapanira pepala lija kukhwapa, dzanja la Ulimbo lili m'manja mwawo, akuzunguliza pamfundo, kudutsa pachikhatho, kukoleka chala chachikulu, mwaluso la munthu amene anazichitapo kambirimbiri. Chikwama chinali paphewa pa Dokotala, chotseka. Bandejiyo inali yatsopano, ndipo pepala lake lokutira linali likulendewera pathumba la jekete la bambo ake. Akochi anali atachoka nayo kunyumba m'mawa.